Mapasa ofanana, mitundu iwiri

Ku Chitipa, kumene Chilambya, Chindali, Chisukwa ndi Chinamwanga zimamveka pamsika umodzi, ambiri amati mwana ndi wa mtundu wa bambo ake, ngati kuti mtundu umayenda m'magazi. Ine sindivomereza, ndipo umboni wanga ndi mapasa ofanana ndendende, Jack Yufe ndi Oskar Stöhr, obadwira ku Trinidad mu 1933. Bambo awo anali Myuda, mayi awo Mjeremani wa Chikatolika. Banja litatha ana adakali makanda, Jack adatsala ndi bambo nakula ngati Myuda. Oskar adapita ndi mayi ku Ulaya, adaleredwa ndi agogo, mpaka adalowa gulu la achinyamata la Hitler, lomwe linkaphunzitsa ana kudana ndi Ayuda, ndiye kuti kudana ndi mbale wake weniweni.

Wina anganene kuti katswiri wina, Thomas Bouchard, atawafufuza ku Minnesota mu 1979, adapeza kuti ankafanana modabwitsa: onse ankavala timphira padzanja, onse ankathira madzi m'chimbudzi asanachigwiritse ntchito. Nzoona, koma zimenezo ndi zizolowezi chabe. Chipembedzo ndi chilankhulo aliyense adazitenga kwa omulera. Ndiponso malamulo owerengera mtundu amapangidwa ndi anthu, n'chifukwa chake amasemphana. Ayuda a Orthodox amawerengera mwana kuchikazi monga Achewa, pomwe Alambya amawerengera kuchimuna. Kwa a Orthodox, Jack sanali Myuda mwa kubadwa. Kwa Mlambya, onse awiri akadakhala Ayuda, ndi Oskar yemwe.