Galimoto ya Amalume Italeka Kuzizira

Anzanga, ife a ku Karonga sitisowa munthu wotiuza za kutentha. Dziko lathu liri m'cigwa m'mbali mwa nyanja, ndipo kuyambira mwezi wa October dzuwa limaomba kotero kuti ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Pa chuthi ca Khrisimasi capitaci kutentha kumeneku kunandiphunzitsa zinthu zimene sindinazipeze m'buku, ndipo ndafuna kukuuzani, popeza ena a ife tidzakhala oyendetsa magalimoto, ena amisiri okonza, ndipo ena eni ace.

Amalume anga ali ndi galimoto ya mtundu wa Toyota Prius yopangidwa m'caka ca 2007. Inacokera ku Japan itagwirako kale nchito, inatsika pa doko la Dar es Salaam, nilowa m'dziko muno pa cipata ca Songwe, monga amacitira magalimoto ambiri amene timawaona pa mseu wa M1. Amalume amanyamula nayo anthu pakati pa Karonga ndi Songwe, ndipo ndarama zimene zimandilipirira sukulu ndi cigono zimaturuka m'galimoto imeneyi. Ikadwala, maphunziro anganso adwala.

Nditafika kunyumba ndinapeza amalume ali ndi nkhawa. Makina oziziritsa m'kati, amene oyendetsa amawacha AC, anali atafooka. M'mawa kamphepo kozizira kanali kubwera pang'ono, koma masana mumangoturuka mpweya wofunda ngati wa m'kamwa mwa munthu. Ndiponso kumbuyo kwa mpando kunali kumveka phokoso la fani imene kale sinali kumveka. Amalume anali atapita kale kwa munthu wina wa m'mbali mwa mseu, amene asanayang'ane n'komwe anati, "Gasi watha," nathiramo wina. Galimoto inazizira masabata awiri, bvuto nkubwereranso. Tsono tinapita kwa mmisiri wina wacikulire amene amadziwa magalimoto otere, ndipo ine ndinatenga kope langa ndi pensulo.

Ndiyambe ndafotokoza m'mene makinawa amagwirira nchito. Nonse mukudziwa kuti madzi a mu mtsuko wadothi amazizira koposa a m'ndowa. Cifukwa cace ndi cakuti madzi ena amadutsa m'dothi nauma kunja kwa mtsuko, ndipo pouma amatenga kutentha kucokera m'madzi otsala. Aphunzitsi athu a Sayansi anationetsa zomwezo pothira sipiriti pa dzanja. M'galimoto muli gasi wochedwa R-134a amene amacita nchito yomweyo. Madzi amawira pa madigiri 100, koma gasi ameneyu amawira pa madigiri 26 kunsi kwa ziro akakhala wosapanikizidwa. Pali mpope wochedwa kompresa umene umapanikiza gasiyu mpaka atenthe. Kucoka apo amapita ku kondensa, imene iri ngati rediyeta yopyapyala kutsogolo kweni-kweni kwa galimoto, ndipo mphepo yakunja ikamuomba amazirala nasanduka wamadzi-madzi. Kenaka amadutsa pa kabowo kakang'ono nalowa m'timapaipi tobisika kuseri kwa dashibodi, m'mene amawira natenga kutentha kwa mpweya wa m'galimoto. Akatero amabwerera ku kompresa, ulendo nkuyambanso. Zindikirani kuti gasiyu amangozungulira, sapsa ngati petulo. Akacepa ndiye kuti pali pena pamene pakudontha.

Tsopano za galimoto ya haibulidi. Iyi iri ndi mphamvu ziwiri, injini ya petulo ndi mota ya magetsi, ndipo ikaima injini imazima yokha kuti isathe mafuta. Prius yoyamba inagulitsidwa ku Japan m'caka ca 1997, ndipo kompresa yace inali kuzungulitsidwa ndi lamba wocokera ku injini monga m'magalimoto ena onse. Koma kuyambira pa Prius ya 2003 anaikamo kompresa yokhala ndi mota yaceyace ya magetsi, kuti anthu azizizidwabe ngakhale injini itazima. Magetsiwo amacokera ku batire lalikuru liri kumbuyo kwa mpando wam'mbuyo. M'galimoto ya amalume batire limeneli liri ndi zigawo 28, ndipo mphamvu yace ndi mavolti 201.6. Toyota Aqua, imene inayamba mu 2011 ndipo yacuruka m'miseu yathu, nayonso iri ndi kompresa ya magetsi.

Cimene cinandidabwitsa koposa ndi ici. Amalume anati, "Ngati ziri zodula, tingoyenda magalasi ali otsekula." Mmisiri uja anapukusa mutu, natitengera ku mpando wam'mbuyo, natisonyeza timabowo tiri pambali pace. Anati, "Acimwene, batire lalikuru limapumira apa. Fani imene mukuimva ikulira imakoka mpweya wa m'galimoto momwemuno kuti iziziritse batire. Anthu anu akamapsa, nalonso likupsa." Kutentha kumakalambitsa msanga batire lotere, ndipo mwa zipangizo zonse za galimotoyi ndi limodzi la zodula kwambiri. Motero kuno kwathu AC ya haibulidi si cinthu ca matama ai.

Pamenepo anayamba kufufuza, ndipo anandiuza kuti, "Lemba, mwana wanga. Timayamba ndi zochipa, timatsiriza ndi zodula." Nazi zimene ndinalemba.

Coyamba, yang'anani mabatani. Kompresa ya magetsi siyenda pokhapokha mau akuti READY atayaka pa dashibodi. Onani ngati AC yayatsidwadi, ndipo sankhani kuti mpweya wa m'kati womwewo uzizungulira, m'malo mokoka wotentha wakunja nthawi zonse. M'magalimoto a Prius oyambira 2009 ndi m'ma Aqua muli batani la ECO, limene limacepetsa dala mphamvu ya AC kuti mafuta asathe msanga. Munthu angathe kutaya ndarama kwa mmisiri pamene mankhwala ace anali kuzimitsa batani limeneli. Ndiponso galimoto imene yakhala pa dzuwa muyambe mwaitsekula kuti mpweya wotentha uturuke.

Caciwiri, imvani mphamvu ya mphepo. Ngati fani mwaikweza mpaka pamapeto, ikulira kwambiri koma mphepo ikuturuka yocepa, kawirikawiri bvuto ndi sefa ya mpweya. Sefayi iri kuseri kwa kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wa munthu wokwera, ndipo imaturuka popanda sipanala. Yathu itaturuka amalume anagwira pakamwa. Inali yofiira ndi pfumbi, yodzaza ndi mankhusu a mpunga ndi masamba, ndipo zinaoneka kuti sinasinthidwepo cicokere ku Japan.

Cacitatu, yang'anani kondensa ndi mafani ace. Kutentha kumene kwacotsedwa m'galimoto kuyenera kutayidwa kunja, ndipo khomo lace ndi kondensa. Mmisiri anawalitsa toci kutsogolo, ndipo tinaona timipata tace titamatika ndi matope, udzu ndi nkhungu zouma, tizilombo tija timacokera pa nyanja ngati utsi. Galimoto itazimitsidwa anaitsuka ndi madzi oyenda pang'ono-pang'ono, osati amphamvu, cifukwa tizitsulo tace n'tofewa ndipo tikapindika mphepo sidutsa. Kenaka anayatsa AC kuti aone ngati mafani onse awiri a kuseri kwa rediyeta akuzungulira. Cizindikiro ca fani yakufa ndi ici: galimoto imazizira ikamathamanga, koma ikaima pa siteji kudikira anthu imayamba kufunda.

Cacinai, ndipo ici ndi ca haibulidi yokha. Pansi pa boneti pali bokosi la citsulo lochedwa inveta, limene limasintha magetsi a batire kuti ayendetse mota, ndipo mu Prius ya zaka za 2003 mpaka 2009 magetsi a kompresa amadzeranso m'menemo. Bokosili liri ndi madzi aceace oliziziritsa, okankhidwa ndi kampope ka magetsi. Kampopeka kakafa inveta imatentha, AC nkumadukiza, ndipo nyali yofiira yocenjeza ingathe kuyaka. Kuyesa kwace n'kosabvuta: galimoto iri READY, yang'anani m'kabotolo ka madzi a inveta. Ngati madzi akugwedezeka, kampope kali moyo. Athu anali kugwedezeka, ndipo amalume anapuma mpweya wautali.

Cacisanu ndiye gasi. Popeza wathu anatha m'masabata awiri, mmisiri anatsata mapaipi onse kufuna-funa podontha. Gasi amayenda pamodzi ndi oyilo pang'ono, cotero pamene pakudontha pamakhala banga la mafuta logwira pfumbi. Analipeza pamene paipi imalumikizana ndi kondensa, napakapo thobvu la sopo, ndipo tinaona likufufuma. Kampira kozungulira kotseka polumikizapo kanali katauma ndi ukalamba. Kanthu kocepa ngati mphete ya ku cala ndiko kanali kudya ndarama za amalume.

Apa nkhope ya mmisiri inasintha, nafunsa kuti, "Kodi munthu uja anathiramo oyilo?" Amalume anati, "Iai, gasi yekha." Iye anati, "Mwapulumuka." Ine ndinafunsa kuti, "Bambo, oyilo angaononge bwanji makina, pamene nchito yace ndi kufewetsa?" Anandifotokozera kuti m'kompresa ya haibulidi mawaya a mota amakhala m'kati momwe muli gasi ndi oyilo. Cifukwa ca ici pamafunika oyilo wapadera wochedwa ND-11, amene salola magetsi kudutsa. Oyilo wa AC ya magalimoto wamba, wochedwa PAG, sachinga magetsi mokwanira. Akalowamo ngakhale pang'ono magetsi amayamba kuthawira ku citsulo ca kompresa, kompyuta ya galimoto imazindikira niyatsa nyali yocenjeza, ndipo nthawi zina galimoto imakana kuyaka. Kumucotsa n'kobvuta, mwina mpaka kusintha zipangizo zambiri. N'cifukwa cace iye amasunga mapaipi othirira gasi a haibulidi paokha.

Atasintha kampira kaja sanathire gasi mongoganizira. Anayamba wakoka mpweya ndi cinyezi conse m'mapaipi ndi makina okokera, nadikira kuti aone ngati sipakudonthanso, kenaka anathira gasi womuyesa pa sikelo monga mwa muyeso wolembedwa pa kapepala komatidwa pansi pa boneti, umene sufika ndi theka la kilogalamu lomwe. Anati gasi wopitirira muyeso amafooketsa AC monga momwe amacitira wocepa. Anatinso si bwino kumangothira gasi m'makina odontha, pakuti R-134a akathawira m'mlengalenga amathandiza kutenthetsa dziko. M'caka ca 2016 maiko anagwirizana ku Kigali, m'dziko la Rwanda, kuti acepetse pang'ono-pang'ono magasi a mtundu umenewu.

Cacisanu ndi cimodzi, cotsiriza, ndi kompresa yeni-yeniyo. Iyi imaganiziridwa zina zonse zikapezeka ziri bwino, ndipo mmisiri amalumikiza kompyuta yace ku galimoto kuti awerenge zimene yalemba yokha za matenda ace. Ife sitinafike pamenepo. Koma anandicenjeza mwamphamvu za mawaya okutidwa ndi cikopa ca mtundu wa lalanje. Amenewo ndi a magetsi akuru, ndipo angathe kupha munthu. Sefa, kondensa ndi mabatani mwini galimoto angathe kuziona yekha, koma mawaya alalanje ndi gasi n'za munthu wophunzira nchitoyo.

Pomaliza anatsukanso fani ya batire, imene inali yodzaza ndi pfumbi ndi tsitsi, nauza amalume kuti anthu asamatseke timabowo tija ndi zikwama kapena matumba a mpunga. Tisanayambe anali ataika coyesera kutentha pa bowo loturukira mphepo, ndipo cinasonyeza madigiri 22. Titatha cinasonyeza 8. Pansi pa galimoto panayamba kudontha madzi, ine nkuda nkhawa, koma anandiseka nati cimeneco ndi cinyezi ca mu mpweya, conga mame a kunja kwa botolo lozizira, ndipo ndi cizindikiro cakuti makina acira. Pobwerera kunyumba fani ya kumbuyo inali cete.

Zonse zimene tinagula tsiku limenelo zinali sefa, kampira ndi gasi. Amalume akadapitiriza kuthira gasi mwezi ndi mwezi, kapena akadangotsekula magalasi, batire lalikuru likadapsa pang'ono-pang'ono, ndipo sindidziwa ngati ndikadabwerera kuno teremu ino. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tsono anzanga, mukapita ku chuthi mukamva wacibale akudandaula kuti galimoto yace yaleka kuzizira, mfunseni mwaulemu ngati anayang'ana sefa ndi kondensa, ndipo ngati iri ya haibulidi, mkumbutseni kuti afunse dzina la oyilo munthu asanakhudze mapaipi ace.