Amisiri a gogodela zatsopano ndi chidindo cha woyesa

Kwathu kuno gogodela timaidziwa ngati mfuti ya makolo, kapena ija imene oteteza nyama amalanda kwa alenje ozembera m'nkhalango za boma. Koma kuli mayiko kumene mfuti yothirira wonga kukamwa imeneyi ikupangidwabe m'mafakitale mpaka lero, n'kuikidwa m'katoni ili nyezinyezi pamodzi ndi kabuku ka malangizo. Anthu amalawirira m'mamawa kukaigwirira ntchito, ndipo ana awo amaphunzira ndi ndalama yake. Ogula ambiri ali ku America, kumene zigawo zochuluka zimapatula masiku akuti alenje azisaka ndi mfuti za mtundu umenewu. Ena ndi a mipikisano yoombera chandamale, enanso ndi aja amavala ngati asilikali akale n'kumaonetsa mmene nkhondo zamakedzana zinkamenyedwera.

Kuchimake kwa ntchitoyi ndi ku Gardone Val Trompia, tauni ya m'chigwa cha mtsinje wa Mella, kumpoto kwa mzinda wa Brescia ku Italy. Mapiri a kumeneko anali ndi miyala ya chitsulo, mitengo yootcha makala ndi madzi oyendetsa nyundo za m'zipala, choncho usuzi unakhazikika kalekale. M'chaka cha 1526 Bartolomeo Beretta analandira ndalama zagolide 296 kuchokera ku boma la Venice atapereka mipope ya mfuti 185, ndipo kampani ya banja lake ilipobe m'tauni yomweyo. Gogodela zinadzasiyidwa zitabwera mfuti zolowetsera chipolopolo kumbuyo, koma zinatsitsimuka m'zaka za m'ma 1950. Nthawi imeneyo chikumbutso cha zaka 100 za nkhondo yapachiweniweni ya ku America chinali pafupi, ndipo amalonda monga Val Forgett wa Navy Arms ndi Turner Kirkland wa Dixie Gun Works anayamba kufuna amisiri ku Ulaya oti aziwapangira mfuti zofanana ndi zakale pamtengo wofikirika. Davide Pedersoli anatsegula kampani yake mu 1957, Aldo Uberti mu 1959. Ku Spain nako, m'dera la anthu a Chibasque, mafakitale monga Ardesa ndi Dikar ya ku Bergara anakula chifukwa cha msika womwewo.

Mfuti imodzi imadutsa m'manja ambiri, ndipo manja ena sakhala m'fakitale imene dzina lake lalembedwa pampope. M'chigwa cha Gardone muli timashopu tambiri ta mabanja, ena amangopanga masipuling'i, ena amangopukuta zitsulo, ena amasema mitengo, ena amazokota maluwa pachitsulo. Fakitale imasonkhanitsa zonsezi. Ubwino wake ndi woti aliyense amaizama ntchito yake, koma vuto likabadwira m'shopu imodzi limafalikira m'mfuti zambiri lisanaonekere.

Woyamba ndi wa mpope. Amatenga mtanda wachitsulo n'kuuboola kuchoka uku kukatulukira uko ndi choboolera chachitali chimene mafuta amadutsa m'kati mwake kuti chizizizira ndi kukankha zinyenyeswa. Choboolera chikapatuka pang'ono, dzenje silikhala pakati penipeni, khoma la mbali imodzi limapyapyala. Kunja mpopewo umaoneka bwinobwino, makamaka akausema mbali zisanu ndi zitatu monga zinalili mfuti za abale awiri, Jacob ndi Samuel Hawken a ku St. Louis, zimene mafakitale amakonda kutengera. Akatha kusalaza dzenjelo amalemba m'kati mwake mizere yopota imene imazunguza chipolopolo kuti chiziyenda molunjika. Mpope wa chipolopolo chobulungira mizere yake imapota pang'onopang'ono, kuzungulira kamodzi pa mainchesi 66 kapena kuyandikira pamenepo. Wa zipolopolo zazitali zamakono imazungulira kamodzi pa mainchesi 28, ndipo wa 48 amati umalola zonse ziwiri. Chitsulo cholembera chikabuntha chimasiya timinga m'mphepete mwa mizere, ndipo timingato timang'amba kansalu kamene mlenje amakulungira chipolopolo chamtovu. Kansalu kakang'ambika, mpweya wa wonga umadutsa m'mbali ndipo chipolopolo chimapita kwake. Alenje odziwa amatola tinsalu tija pansi akaombera n'kutiyang'ana padzuwa, chifukwa timaulula zimene wa mpope anachita tsiku limenelo.

Malo oopsa kwambiri ali kumbuyo kwa mpope. Popeza wonga umalowera kukamwa, kumbuyoko amatsekako ndi chitsekerero chachitsulo cholowa mochita kupotera ngati bawuti. Mphamvu yonse ya wonga imene imakankha chipolopolo kupita kutsogolo imakankhanso chitsekererochi kubwerera m'mbuyo, ndipo kumbuyoko ndi kumene kuli diso la woombera. Mano a bawutiyo akakhala osaya, kapena dzenje likakula kuposa muyeso, chitsekerero chikhoza kugwira pa kuombera koyamba ndi kwachiwiri, n'kudzafwamphuka tsiku lina. Ngakhale chitagwira, mpata ukatsala pakati pa nkhope yake ndi mpope, mwaye wa wonga umaunjikana mmenemo, umakoka chinyontho, dzimbiri n'kumadya chitsulo m'kati mosaonekera. Wodula mano amenewa ndiye munthu amene ndimamuganizira kwambiri pa ntchito yonseyi. Ntchito yake palibe wogula amene adzaione, ndipo palibe amene adzamuyamikire. Amangokhala pamakina ndi timiyeso take tiwiri, kena koyenera kulowa ndi kena kosayenera kulowa, ndipo kachiwiriko kakalowa amayenera kulimba mtima n'kutaya chitsulo chimene abwana awononga kale ndalama pochiboola.

Kenako pali wa loko, kachipangizo ka pambali kamene kamayatsa moto. Malokowa alipo a mitundu iwiri: a mwala, amene kanyundo kake kamaluma mwala n'kuukhwekhwereza pachitsulo kuti moto uthetheke, ndi a kapu, amene kanyundo kamamenya kachisoti kakang'ono kamkuwa. Masiku ano tizitsulo ta m'loko tambiri amatiumba. Amayamba apanga chifanizo chaphula, amachikuta ndi dothi losapsa, phula lija amalisungunula, n'kuthiramo chitsulo chamadzi. Njirayi ndi yotsika mtengo, koma nthawi zina imasiya timabowo tampweya m'kati mwa chitsulo, ndipo kachitsulo kotero kamathyoka popanda chenjezo. Kuumitsa kwa pamoto nako n'kovuta. Chitsulo chomenyedwa ndi mwala chikafewa, moto suthetheka ndipo mfuti imangoti khwatya osalira. Chikauma mopitirira chimasweka. Madandaulo ambiri a ogula mfuti zamwala zotchipa amachokera pamenepa, komanso pa kabowo kolowera moto kakabooledwa m'munsi kwambiri kapena kumbali.

Loko yosalira imangokwiyitsa. Yoopsa ndi imene imalira yosauzidwa. M'kati mwake muli timipata tiwiri togwira kanyundo, kena ka theka, kamene ndi kotetezera pamene munthu akuika kapu kapena akuyenda, kena kokokera kumapeto pokonzekera kuomba. Kampata ka theka kakakhala kosaya, kapena kachitsulo kolowamo kakafewa n'kuperepeseka, kanyundo kamatha kugwa mfuti ikangogunda pamtengo. Apa mpamene pamafunika mmisiri wa tupa, amene amalumikiza tizitsuloti kamodzikamodzi, kupala pang'ono, kuyesa, kupalanso. Makina a kompyuta achepetsa ntchito yake koma sanaithetse. Ndipo fakitale ikafuna kutsitsa mtengo, nthawi ya munthu ameneyu ndi imene imayamba kudulidwa, chifukwa ola lake ndi lodula ndipo zotsatira za kulidula sizioneka m'sitolo.

Wa mtengo ndimudutsa mwachangu, ngakhale ntchito yake ndiyo imakopa maso. Amagwiritsa ntchito walnut, maple, kapena beech pa mfuti zotsika mtengo. Thabwa likakhala losauma bwino limadzapindika n'kufinya mpope. Mitsempha ya thabwa ikadutsa mopingasa pakhosi pamene dzanja limagwira, mfuti imadzathyokera pomwepo. Akasema mopitirira malo okhala loko, loko imagwedera, ndipo akasema mopereweza, thabwa limakhudza tizitsulo toyenda n'kulepheretsa kanyundo kukodwa bwino.

Ku Italy mfuti ikatha kupangidwa siipita kumsika. Imayamba yapita ku Banco Nazionale di Prova, nyumba yoyesera mfuti imene inakhazikitsidwa mu 1910 ndipo ili ku Gardone komweko. Ogwira ntchito kumeneko si antchito a fakitale iliyonse. Amauyang'ana mpope, amauyeza, amathiramo wonga woposa umene mwini mfuti adzaloledwe kuthira, n'kuuombera m'chipinda chotseka iwo ali potetezeka. Akatero amauyang'ananso ngati watupa, wang'aluka kapena chitsekerero chasuntha. Ukapambana amaudinda chizindikiro cha nyumbayo, zilembo za PN zosonyeza kuti wayesedwa ndi wonga wakuda, ndi chizindikiro cha chaka. Amayesa mfuti iliyonse payokha, osati kungotapako zingapo. Mwambo umenewu ndi wakale ku Ulaya. Ku London bungwe la amisiri a mfuti linapatsidwa chilolezo cha mfumu mu 1637, ku Liège m'dziko la Belgium kuyesa kunakhala lamulo mu 1672, ndipo nyumba yoyesera ya ku Birmingham inatsegulidwa mu 1813. Kumeneko kale ankandandalika mipope pansi, n'kuyatsa mzere umodzi wa wonga kuti yonse ilire motsatizana, zipolopolo n'kukalowa mumulu wa mchenga. Mu 1914 mayiko angapo anapanga bungwe la CIP kuti azivomerezana zidindo, ndipo mpaka lero ku Britain kugulitsa mfuti yopanda chidindo chovomerezeka ndi mlandu.

Mbiri imeneyi imatikhudza ife a kuno. Birmingham ndi Liège ndi mizinda imene inkapanga gogodela zochuluka zogulitsa ku Africa, ndipo zotchipitsitsa mwa izo zinkadziwika ndi kuphulika m'manja. Mfuti za malonda otere zinkafika kunyanja yathu m'zaka za m'ma 1800 kudzera ku Kilwa, Zanzibar ndi Quelimane, posinthana ndi minyanga komanso anthu. Wopanga ankadziwa kuti wogula ali kutsidya kwa nyanja ndipo sadzabwera kudzadandaula. Mtunda wa pakati pa wopanga ndi wovulala ndi umene umabala ulesi pa ntchito imeneyi, ndipo woyesa wapadera anaikidwa kuti atseke mpata umenewo.

Ku America, kumene kuli msika waukulu, kulibe nyumba ya boma yoyesera mfuti, ndipo dzikolo silili m'bungwe la CIP. Gogodela zambiri lamulo la dziko lonse la 1968 limaziika m'gulu la mfuti zamakedzana, moti m'zigawo zambiri zimagulidwa mosavuta. Kampani iliyonse imadziyesera yokha mwa njira yake. Zilipo zimene zimachita bwino kwambiri, ndipo alipo amisiri apaokha amene amatha miyezi akusema mfuti imodzi, mbiri yawo n'kukhala chidindo chawo. Koma msika unasintha mu 1985 pamene Tony Knight anatulutsa MK-85, gogodela yooneka ngati mfuti yamakono, imene moto wake umalowera kumbuyo kwenikweni kwa mpope. Alenje anaikonda, makampani anathamangira kupanga zawo zotchipa, ndipo ogula anayamba kuthira wonga wambiri ndi zipolopolo zolemera. Mu 1997 kampani ya CVA inaitanitsa mfuti zake za mtundu umenewu zopangidwa mu 1995 ndi 1996 kuti zibwezedwe, anthu ena atavulala. Ine ndimaona kuti munthu sayenera kuweruza mlandu wake womwe, ndipo fakitale imene ikuthamangira kukwanitsa oda nyengo yosaka isanayambe si yoyenera kukhala yokha ponena kuti mpope uli bwino.

Komabe chidindo chili ndi malire ake. Chimangonena kuti mpopewo unapirira tsiku limene unayesedwa. Sichinena ngati loko idzayatsa moto, ngati thabwa lauma, kapena ngati timaso toyang'anira tili pamzere. Zimenezi zimatsalira woyang'ana womaliza wa m'fakitale, amene amakoka kanyundo, kukakankha ndi chala kuti aone ngati kagwe, kuunika mumpope ndi tochi, n'kusaina kapepala. Palinso mfuti zina zopangidwa ku India zimene zimatumizidwa kunja kabowo ka moto kasanabooledwe, kuti zidutse ngati zokongoletsera m'nyumba. Wogulitsa kapena wogula akaboola yekha, imasanduka mfuti yolira imene mwina palibe woyesa aliyense anaigwirapo, pokhapokha mwiniyo ataipititsa yekha kukayesedwa.

Wantchito womaliza ndi uja amalandira mfuti zobwezedwa. Patebulo pake pamafika mipope yotupa, maloko othyoka ndi makalata aukali, ndipo iye ayenera kusiyanitsa kulakwa kwa fakitale ndi kulakwa kwa mwini. Si zonse zimachokera kufakitale. Wina amathira wonga wamakono wopanda utsi mumpope wopangidwira wonga wakuda, ngakhale chenjezo lili lolembedwa pampope pomwepo, ndipo chitsulo chimang'ambika. Wina amaiwala kuti anathira kale n'kuthiranso kachiwiri. Wina satsinja chipolopolo mpaka kukafika pawonga, ndipo mpope umatupa mozungulira pamalo pamene chipolopolocho chinaima. Wina amasiya mfuti yosatsuka, mwaye n'kuidya. Mmisiri wozolowera amawerenga zonsezi pachitsulo: malo a chotupa, mtundu wa mwaye wotsalira, maonekedwe a pong'ambika, ngati mano a chitsekerero anametedwa kapena sanalumane n'komwe kuyambira pachiyambi. Chimene amapeza sichikondweretsa mbali zonse. Akanena kuti walakwa ndi wogula, amaoneka ngati akuikira kumbuyo abwana ake. Akapeza kuti mano anadulidwa osaya, amayenera kutenga nambala ya mfutiyo, kufufuza kuti inapangidwa liti ndiponso pamakina ati, n'kupita kwa oyang'anira kukawauza kuti zinzake zonse za gulu limenelo, zimene zili kale m'masitolo ndi m'nyumba za anthu, ziyenera kuitanidwa.