Chimene chimachititsa mwaye m'makandulo a m'zitini

Magetsi akamathimathima, makandulo amayenda malonda pa Chiringa m'boma la Phalombe, monga zinalili mu 2022 namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira. Amalonda ena amasungunula okha phula n'kulithira m'zitini kapena m'mabotolo. Koma kandulo ikadetsa khoma ndi mwaye, kasitomala sabweranso.

Mwaye umabwera phula likamapsa moperewera. Chingwe chimakoka phula losungunuka kupita ku lawi. Chikatalika kapena kunenepa kwambiri, chimakoka lochuluka kuposa limene lawi lingathe kutentha, ndipo lotsalalo limatuluka ngati utsi wakuda. N'chifukwa chake chingwe chiyenera kudulidwa kuti chitsale mamilimita 6 kandulo isanayatsidwe.

Chitini chakuya, chopapatiza kukamwa, chimamana lawi mpweya, makamaka phula likatsikira pansi. Chachifupi komanso chotambalala kukamwa ndicho chabwino. Mphepo nayo, monga ya mwera ikamalowera pazenera, imagwedeza lawi, ndipo lawi logwedezeka limafuka.

Zosakaniza zimavutanso. Mafuta onunkhira akachuluka sapsa onse, pomwe makrayoni ndi zinyalala za m'phula la njuchi losasefa zimatseka chingwe.

Wopanga asanapite nawo kumsika, ayatse imodzi m'nyumba kwa maola angapo. Lawi likatalika n'kumafuka, asinthe chingwe aike chowondako. Auzenso ogula kuti asamaiyatse kupitirira maola 4 osaizimitsa ndi kudula chingwe. Kuotcha kandulo imodzi poyesa n'kotchipa kusiyana ndi kutaya kasitomala.