Sukulu ya pakhomo ku Lifidzi

Mukandifunsa komwe mnyamata wa ku Lifidzi, m'boma la Angónia, amayambira maphunziro, ndikulozerani kukhola. Asanagwire pensulo, amakhala atadziwa kale kuwerenga ng'ombe zikamalowa madzulo, ndipo imodzi ikasowa safunika kuuzidwa.

Sukulu si yachilendo kuno. Ansembe a chipani cha Jesuit adatsegula mishoni ya Lifidzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Koma kalasi imayendera Chipwitikizi, pamene pakhomo, pamsika ndi kudimba anthu amayankhula Chinyanja. Ngakhale Mozambique idalola kuti sukulu zina ziziyamba ndi chiyankhulo cha makolo, mpata umenewu amautsekabe ndi a pabanja.

Ntchitoyo amagawana. Amayi amatuma mwana kukagulitsa mbatata ya kachewere, n'kumufunsa chenji cha metikali, mwinanso cha kwacha, popeza Dedza ndi pafupi. Abambo amamuphunzitsa kukoka mizere ndi kumanga ng'ombe pangolo. Agogo amabwera ndi nthano ndi zilapi kukazizira mu Juni, ana atazungulira moto. Mwana akapulupudza, amalume amaitanidwa kudzamulangiza, ndipo mawa lake mwanayo amadzukabe m'mamawa kukatsekula khola.