Mabuleki a Mpweya Akatentha, Tifunse Mawilo

Ambiri a ife timacita hayala lole yaikulu kuti ititengere tomato, kabici kapena cimanga kupita ku msika wa Soweto, pafupi ndi Kanyama, ndipo nthawi zambiri timakwera nayo limodzi ndi katundu. Motero moyo wathu ndi zokolola zathu zimadalira mabuleki ake, makamaka pa zitunda za Manenekela pa msewu wa Great East ndi za Munali pa msewu wa ku Mazabuka.

Pa lole yotere mpweya wopanikizidwa umakankha malaining'i kuti agwire citsulo cozungulira ca mkati mwa wilo, cimene amakanika amati dramu. Dramu ikatentha kwambiri imakula, malaining'i amayamba kuterereka, ndipo dalaivala amaponda koma lole siima.

Tikamva fungo la kupsa kapena tikaona utsi, tipemphe dalaivala aime pamalo osatsetsereka. Kenako tiyandikize dzanja ku wilo lililonse, osakhudza citsulo, n'kuyerekezera kutentha kwake.

Ngati mawilo onse atentha mofanana, vuto ndi kayendetsedwe kapena katundu wopyola muyezo. Potsika phiri dalaivala ayenera kulowa giya yaing'ono asanayambe kutsetsereka, kuti injini ithandize kugwira lole.

Ngati wilo limodzi latentha kuposa anzake, buleki yake siikubwerera. Mwina inamangidwa mothina, sipuling'i yoibweza inaduka, kapena zitsulo zinauma ndi dzimbiri, monga zimacitikira lole ikamayenda m'madzi a m'misewu ya Kanyama ndi Chawama nyengo ya mvula. Wilo lozizira pakati pa otentha nalonso ndi loopsa: buleki yake siikugwira, ndipo nchito yake yagwera anzake.

Ngati mawilo a ngolo okha atentha, timvetsere kulira kwa mpweya wotuluka pa mapaipi olumikiza ngolo. Mpweya ukacepa, sipuling'i ya buleki yoimikira imayamba kugwira yokha lole ili paulendo.

Tisathire madzi pa dramu yotentha, cifukwa ingathe kung'aluka. Tisatsegule cibekete ca sipuling'i yoimikira, pakuti mphamvu yake ingaphe munthu. Imeneyo ndi nchito ya makanika. Ndipo tisanakweze mabokosi m'mawa, tifunse dalaivala ngati wacotsa madzi m'mathanki a mpweya tsiku limenelo. Tomato wofika mocedwa amagulika ndithu pa mtengo wotsika, koma womwazika m'cigwa sagulika.