Kodi Kotsika Mtengo Ndi Kuti?

Mwezi ukamapita kumapeto, m'makomo ambiri a mu mzinda wa Blantyre mumamveka funso limodzi: kodi kotsika mtengo ndi kuti? Amai amafunsana pampopi, abambo amafunsana m'minibasi, ndipo aliyense amatchula sitolo imene amaikhulupirira. Funsoli si lachibwana ai, chifukwa m'banja lopeza pang'ono gawo lalikulu la ndalama limathera pa chakudya, sopo ndi makala. Ndalama imene yatayika pogula mosalingalira bwino ndi yomweyo imene imasoŵa pa tsiku lolipira lendi kapena fizi ya mwana. Komabe yankho la funsoli silipezeka potchula dzina la sitolo imodzi, popeza mtengo wolembedwa pashelefu ndi mbali chabe ya ndalama zimene wogula amalipira.

Dera la Kanjedza ndi malo abwino oonerapo nkhaniyi chifukwa lidakhala pakati pa Limbe ndi Chichiri. Munthu wokhala kumeneko ali ndi malo anai ogulako. Pafupi ndi khomo pali okala kapena golosale. Kumtunda kuli msika waukulu wa Limbe, ndipo pozungulira msikawo pali masitolo opikulitsa katundu. Mbali inayo kuli masupamaketi a ku Chichiri ndi ku Ginnery Corner, kumene munthu amadzitengera yekha katundu pashelefu nakalipira potuluka. Anthu a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri ali nawonso malo anai omwewo, kungoti mtunda wokafika kumeneko ndiwo umasiyana.

Masitolo Amabwera Napita

Mbiri ya masitolo mu mzindawu ndi yaitali. Kampani ya African Lakes, imene idakhazikitsidwa mu 1878, ndiyo idabweretsa masitolo amene anthu adawatcha Mandala, potsata magalasi amene mmodzi wa atsogoleri ake, John Moir, ankavala. Pambuyo pake kudabwera masitolo a Kandodo, a kampani ya London and Blantyre Supply. Mu 1973 kudabadwa People's Trading Centre, imene anthu ankangoti PTC, ndipo kwa zaka zambiri dzinali linkatanthauza sitolo iliyonse yodzitengera wekha katundu. M'zaka zomwezo za m'ma 1970, pamene boma lidalamula amalonda achimwenye kuchoka kumidzi ndi kukakhala m'mizinda ikuluikulu, masitolo a Chipiku ndiwo adatenga ntchito yopikulitsa katundu kwa eni magolosale m'maboma onse.

Mu 2001 kampani ya Shoprite ya ku South Africa idayamba malonda ake m'Malaŵi, ndipo sitolo yake ya ku Chichiri idasintha kagulidwe ka anthu ambiri. Pamapeto a mwezi mabanja ankapitako atatchena, nakankha titilole todzaza ndi katundu. Mpikisano udakula pamene masitolo ena monga Sana ndi Chipiku Plus adachuluka. PTC idayamba kuvutika ndi ngongole, kufikira mu 2022 pamene kampani ya Press Corporation idaigulitsa, ndipo sipadapite nthaŵi yaitali masitolo ake adatsekedwa. Mu 2025 nayo Shoprite idalengeza kuti ikugulitsa masitolo ake a m'dziko muno. Pa zaka zonsezi msika wa Limbe ndi okala za m'makwalala zakhala zikupitirizabe malonda. Choncho banja limene limadalira dzina la sitolo imodzi limatha kudzuka tsiku lina chitseko chili chotseka, pamene banja lodziŵa kuyerekeza mitengo limapitiriza kugula bwino kulikonse.

Chimene Chimasiyanitsa Mitengo

Supamaketi imagula katundu wambiri nthaŵi imodzi kuchokera kufakitale, motero imamupeza pamtengo wotsikirapo. Ichi ndicho chifukwa chake shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa, mafuta ophikira, sopo, mchere ndi masamba a tiyi kaŵirikaŵiri zimatsikirako mtengo m'masitolo akuluakulu ndi m'masitolo opikulitsa. Koma supamaketi ilinso ndi zolipira zake: lendi ya nyumba yaikulu, malipiro a antchito ndi alonda, magetsi a mafiriji, ndi mafuta a injini imene imayaka magetsi akathima. Zonsezi zimabwezedwa kudzera m'mitengo ya katundu. Pamwamba pa izo, katundu wambiri wa m'mafakitale amakhala ndi msonkho wa VAT, umene udaloŵa m'malo mwa surtax mu 2005. Mphamvu ya msonkhowu idaoneka bwino pa mafuta ophikira: boma lidauikapo mu 2020, anthu nadandaula kwambiri ndi kukwera kwa mitengo, ndipo lidauchotsa mu 2022.

Katundu wochokera kunja ali ndi vuto lakelake. Mwini sitolo amamugula ndi ndalama zakunja, kotero kuti kwacha ikagwa mphamvu, mtengo wake umakwera msanga. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023. Nthaŵi ziŵiri zonsezo katundu wakunja adakwera mtengo, ndipo ngakhale wopangidwa konkuno adatsatira, popeza mafakitale amaitanitsa kunja zipangizo zambiri. Ndalama imene idayamba mu 1971 anthu akugula zinthu ndi matambala idafika pokhala ndi pepala la K5,000 mu 2022.

Kumsika zinthu zimayenda mwa njira ina. Tomato, kabichi ndi mbatata ya kachewere zochokera ku Ntcheu ndi ku Dedza, masamba a ku Bvumbwe, nthochi za ku Thyolo, manachesi a ku Mwanza, usipa wa ku Mangochi ndi matemba a ku nyanja ya Chilwa zimafika kumsika zitadutsa m'manja oŵerengeka. Wogulitsa alibe firiji, choncho mtengo wake umatsata nyengo ndi nthaŵi ya tsiku. M'mamaŵa magalimoto akangotsitsa katundu, woodetsa amagulitsa motsika kwa amene akutenga zambiri. Dzuŵa likapendeka, wogulitsa masamba amalola kutsitsa kusiyana ndi kubwerera nawo kunyumba atafota. Tomato amakwera mtengo nthaŵi ya dzinja, natsika mvula ikatha. Chimanga chimatsika pokolola, m'miyezi ya Epulo mpaka Juni, ndipo chimafika pachimake pokwera mu Januwale ndi Febuluwale. Kumsika munthu amatha kunenerera, ndiponso kasitomala wozoloŵereka amaikiridwa banyira pamulu. M'supamaketi mulibe kunenerera, mulibenso banyira.

Tsono okala imakhala kumapeto kwa mzere wonsewu. Mwini wake amakapikula ku Limbe, nalipira minibasi kapena kabaza, kenaka nagaŵa katunduyo m'timagawo ting'onoting'ono: shuga wa m'kapepala, mafuta a m'kachubu, sopo wodula, ndi kathumba ka ufa kamene anthu adakatcha wokimani. Kagawo kalikonse kamakhala ndi phindu lake, motero okala ndiyo imadula koposa munthu akaŵerengera bwino, ngakhale kuti ndalama yotuluka m'thumba nthaŵi imodzi imakhala yochepa.

Kuŵerengera Mtengo Weniweni

Poyerekeza masitolo pali zinthu zitatu zofunika kuziphatikiza pa mtengo wa pashelefu. Choyamba ndi muyeso. Mapaketi aŵiri akhoza kuoneka ofanana, koma lina lili ndi magalamu 500 pamene linzake lili ndi magalamu 400. Wogula wochenjera amaŵerengera mtengo wa kilogalamu imodzi kapena lita imodzi. Mwachitsanzo chabe, ngati botolo la mafuta la malita 2 likugulidwa K12,000, ndipo kachubu ka mamililita 50 kakugulidwa K400, pafunika timachubu 40 kuti tidzaze botololo, ndipo ndalama yake ikwana K16,000. Wogula pang'onopang'ono walipira K4,000 yoonjezera pa mafuta omwewo. Kumsikanso muyeso ndi wofunika kuupenyetsetsa, chifukwa chigoba china chimakhala chophwanyidwa pansi, ndipo mulu wa tomato umatha kukhala ndi zazikulu pamwamba pokha.

Chachiŵiri ndi ulendo. Munthu wa ku Kanjedza akhoza kuyenda pansi kupita ku Limbe ngati katundu sali wolemera. Koma wa ku Bangwe wofuna kukagula ku Chichiri amakwera minibasi yotsikira ku Limbe, nakweranso ina, ndipo pobwerera amachita chimodzimodzi. Amenewo ndi maulendo anai olipira. Ngati paketi ya shuga yatsika ndi K300 kusupamaketi, koma ulendo wonse wadya K3,000, munthuyo ayenera kugula mapaketi 10 kuti angobweza ndalama yoyendera. Ulendo wa kusupamaketi umapindulitsa pokhapokha pamene katundu wogulidwayo ndi wambiri.

Chachitatu ndi kusunga. Nyama kapena mkaka wogula wambiri pamtengo wotsika umasanduka chitayiko ngati pakhomo palibe firiji, kapena ngati magetsi athima tsiku lonse. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 logula nthaŵi yokolola limapulumutsa ndalama zambiri, koma liyenera kuthiridwa mankhwala ndi kuikidwa pouma kuti anankafumbwe asalithe. Palinso chinthu chimene amai ambiri amachidziŵa: shuga akakhala wambiri m'nyumba, supuni imadzaza kwambiri m'kapu, ndipo wa mwezi wonse amatha pa masabata aŵiri.

Kupatula zitatuzi, supamaketi ili ndi machenjera ake ogulitsira. Imatsitsa kwambiri mitengo ya zinthu zoŵerengeka zodziŵika bwino ndi kuzilengeza pa wailesi, podziŵa kuti amene wabwerera shuga adzatolanso bisiketi ndi zakumwa zimene sadazikonzekere. Maswiti amaikidwa pafupi ndi polipirira, pamene mwana wotopa ndi mzere amawafikira mosavuta. Akuluakulu adati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Mankhwala ake ndi kulemba zofunika papepala munthu asanachoke pakhomo, ndi kusaloŵa m'sitolo ali ndi njala.

Amene Amalipira Zambiri

Chomvetsa chisoni pa nkhaniyi ndi chakuti wosauka ndiye amagula modula. Wolandira malipiro pamwezi amatha kugula botolo lalikulu ndi paketi yathunthu. Koma waganyu, wakabaza kapena mai wogulitsa mandasi amapeza ndalama ya tsiku limenelo, ndipo madzulo amagula wokimani, kachubu ka mafuta ndi kamulu ka bonya. Sachita zimenezi chifukwa chosadziŵa masamu. Ndalama yogulira zambiri nthaŵi imodzi ndiyo alibe. Okala imamupatsanso chinthu chimene supamaketi singampatse, ndicho ngongole. Mwini okala amamudziŵa, amalemba m'kope, nadikira tsiku limene zinthu zidzayende. Mtengo wokwera wa pa okala ndi malipiro a kufupika ndi a chikhulupiriro chimenecho.

Njira imene mabanja ambiri a m'matauni adaipeza ndi yogula pamodzi. Mabanja anai kapena asanu amasonkha ndalama, natuma munthu mmodzi kukagula belo la shuga, katoni ya sopo ndi chigubu cha mafuta kositolo yopikulitsa, kenaka nagaŵana mofanana. Ndalama yoyendera imakhala imodzi, ndipo mtengo umakhala wa opikula. Magulu ena a amai, kuphatikizapo a banki m'khonde, amasunga ndalama chaka chonse nagaŵana katundu wa pakhomo mu Disembala, mwezi wa Januwale usadafike ndi mavuto ake a fizi ndi kukwera kwa chimanga. Mutu umodzi susenza denga. Chofunika pa magulu otere ndi kulemba zonse poyera ndi kuonetsa malisiti kwa onse, chifukwa ndalama ya gulu ikasoŵa umboni imadanitsa anansi.

Chitetezo cha Wogula

Wogula ali ndi malamulo omuteteza. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene lidakhazikitsidwa mu 1972, limayeza ubwino wa katundu ndiponso kulondola kwa masikelo. Bungwe la Consumers Association of Malawi, limene lidayamba mu 1994, limalankhulira ogula, ndipo la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a anthu ogulitsidwa mwachinyengo. Koma mabungwewa sangaime pa sitolo iliyonse. Wogula mwini ayenera kuŵerenga tsiku limene katundu adzathere mphamvu, makamaka pa zinthu zotsitsidwa mtengo modzidzimutsa. Ayeneranso kuona ngati mtengo wa palisiti ukufanana ndi wa pashelefu asadatuluke pakhomo la sitolo, ndi kusunga lisitilo, popeza ndilo umboni wokha pokabweza katundu woonongeka. Mu 2024, pamene shuga adasoŵa m'masitolo, mitengo ya kunja kwa masitolo idakwera kwambiri, ndipo amene ankadziŵa mtengo woyenera ndiwo ankatha kuzindikira pamene akuberedwa.

Motero banja la ku Kanjedza, kapena la kwina kulikonse, limachita bwino likagaŵa dengu lake patatu. Zinthu zosaonongeka msanga, monga shuga, sopo, mchere, mpunga ndi mafuta, zigulidwe kamodzi pamwezi kusupamaketi kapena kositolo yopikulitsa, mitengo ya masitolo aŵiri kapena atatu itayerekezedwa pa kilogalamu ndi pa lita. Ndiwo zamasamba, tomato, nsomba ndi zipatso zigulidwe kumsika, potsata nyengo yake. Okala itsalire machesi, buledi wa m'maŵa ndi zogwa mwadzidzidzi. Ndipo kope laling'ono lolembamo mitengo ya mwezi uliwonse lisasoŵe pakhomo, chifukwa sitolo imene idatsitsa mwezi wathawu siyo imene idzatsitse mwezi wamaŵa.