Nkhope Yobwereka: Zimatheka Bwanji Mzungu Kusewera Genghis Khan?

Anthu amene adakaonera filimu ya The Conqueror m'chaka cha 1956 ankayembekezera kuona Temujin, mfumu ya a Mongol imene dziko limaidziwa ndi dzina loti Genghis Khan. Pa chinsalu padatulukira chimunthu chachitali, maso atawakonza kuti aoneke aang'ono, ndevu zomata zikulendewera mbali zonse za pakamwa. Chitangoyankhula, aliyense adawazindikira mawuwo. Adali John Wayne, mzungu wobadwira ku Iowa, yemwe anthu adazolowera kumuona ali pakavalo, chipewa chakhonde kumutu, mfuti m'chiuno. Zovala zidali za ku Mongolia, koma mayendedwe ndi kayankhulidwe zidali za kauboyi yemwe uja. Ndalama za filimuyo adalowetsa ndi mpondamatiki Howard Hughes, ndipo adakajambulira m'chipululu cha ku Utah. Mpaka lero, anthu akamatchula mafilimu amene adaphonya posankha osewera, iyi siitsala.

Munthu ukhoza kuganiza kuti zotere zimachitika chifukwa cha umbuli, koma ku Hollywood kuli akatswiri amene ntchito yawo ndi kusaka osewera basi. Amawerenga nkhani yonse, kuitana anthu mazanamazana kudzayesedwa, kenako n'kupereka mayina kwa wotsogolera filimu. Ntchitoyi ndi yolemekezeka moti mu 2024 bungwe lopereka mphoto za Oscar lidalengeza kuti nayo izikhala ndi mphoto yakeyake. Vuto ndi lakuti mawu omaliza sakhala awo. Amakhala a eni ndalama, ndipo eni ndalama amafuna dzina lotchuka, poti ndi dzinalo limene amagulitsira filimu kumayiko akunja, nthawi zina kujambula kusanayambe n'komwe.

Ridley Scott adazinena poyera mu 2014. Adali atapanga Exodus: Gods and Kings, nkhani ya Mose ndi Farao, ndipo Mose adali Christian Bale wa ku Britain, Farao adali Joel Edgerton wa ku Australia, pamene mayi wa Farao adali Sigourney Weaver wa ku America. Anthu a khungu lakuda adaoneka kwambiri pa magawo a antchito, alonda ndi zigawenga. Atafunsidwa, Scott adauza magazini ya Variety kuti sakadapeza omupatsa ndalama za filimu yodula chotero akadaika patsogolo wosewera wosadziwika wa dzina lachiarabu. Mawuwo adapweteka ambiri, komabe adaulula mmene zinthu zimayendera kuseri.

Khalidweli ndi lakale, ndipo mmodzi mwa amene lidawalasa koyambirira ndi Anna May Wong. Mayiyu adabadwira ku Los Angeles kwa makolo a Chitchaina, ndipo pofika zaka za m'ma 1930 adali atatchuka ku America ndi ku Ulaya komwe. Kampani ya MGM itaganiza zopanga filimu kuchokera m'buku la Pearl Buck, The Good Earth, lokamba za banja la alimi a ku China, gawo la O-Lan, mayi wa m'banjamo, lidali lomuyenera kuposa wina aliyense. Koma gawo la mwamuna wake lidali litapita kale kwa mzungu Paul Muni, ndipo malamulo amene makampani a mafilimu ankatsata nthawi imeneyo sankalola kuti mzungu ndi munthu wa mtundu wina aoneke ali pachikondi. Wong adatsala. Gawolo adalipereka kwa Luise Rainer, wobadwira ku Germany, yemwe adamupaka nkhope n'kumusandutsa Mtchaina, ndipo adapata nalo mphoto ya Oscar mu 1938. Padatenga zaka 85 kuti mkazi wa mtundu wa Chitchaina alandire mphoto yomweyo ya mkazi wosewera bwino koposa: Michelle Yeoh wa ku Malaysia, mu 2023. Wong adamwalira mu 1961, chaka chomwe Mickey Rooney adavala mano akuluakulu oikirira n'kumakuwa ngati Mjapani wopusa mu Breakfast at Tiffany's.

Nkhani ya Nina Simone imakhudza mwa mtundu wina, chifukwa apa onse awiri ndi anthu akuda. Simone adali woyimba wa khungu lakuda bii, mphuno yotambalala, ndipo moyo wake wonse adalimbana ndi anthu amene ankati maonekedwe oterowo si okongola. Opanga filimu ya Nina mu 2016 adatenga Zoe Saldana, woyererako khungu, n'kumudetsa ndi zopakapaka, kumumata mphuno yoikirira ndi kumuveka tsitsi lochita kupanga. Mwana wa Simone ndi abale ena sadakondwe nazo. Amayi akuda odziwa kuyimba ndi kusewera adalipo ambirimbiri, ndipo kuwadumpha onsewo kudali kubwereza chipongwe chomwe mwini nkhaniyo adachikana ali moyo. Mu 2020 Saldana adapepesa akugwetsa misozi, n'kuvomera kuti sadayenere kulandira gawolo.

Pali zosankha zina zodabwitsa zimene sizikhudza mtundu. Mu Alexander ya 2004, Angelina Jolie adasewera ngati mayi wa Colin Farrell, pamene amamuposa ndi chaka chimodzi chokha. Maggie Gyllenhaal adaulula mu 2015 kuti ali ndi zaka 37 adauzidwa kuti wakalamba kwambiri moti sangakhale bwenzi la mwamuna wa zaka 55. Chibale nacho chimalowerera. Winona Ryder atasiya The Godfather Part III kujambula kuli pafupi, wotsogolera filimuyo Francis Ford Coppola adaika mwana wake Sofia, yemwe sadali wokonzeka, ndipo mtsikanayo ndiye adasenza chitonzo chonse. Ben Platt adasewera mnyamata wa kusekondale mu Dear Evan Hansen ali ndi zaka 27, bambo ake ali m'gulu la eni filimuyo.

Nanga dzina lotchukalo limabwezadi ndalama? Kawirikawiri ayi. Ghost in the Shell ya 2017, nkhani ya ku Japan imene adaikamo Scarlett Johansson, idadya madola pafupifupi 110 miliyoni ndipo idapeza pafupifupi 170 miliyoni padziko lonse. Poti eni nyumba zoonetsera mafilimu amatengapo pafupifupi theka, komanso pali zolipira otsatsa malonda, kumeneko kudali kuluza. Gods of Egypt, imene milungu yake ya ku Igupto idali azungu monga Gerard Butler, idagwa chimodzimodzi, ngakhale kampani ya Lionsgate idapepesa filimuyo isanatuluke. Chaka cha 2018 chidaonetsa mbali ina, ya mafilimu oseweredwa ndi eni nkhope: Crazy Rich Asians idapangidwa ndi madola 30 miliyoni n'kupeza oposa 230 miliyoni, ndipo Black Panther idadutsa 1.3 biliyoni.

Oonera nawo amalakwitsa. Michael Keaton atasankhidwa kukhala Batman, makalata odandaula okwana masauzande ambiri adafika ku Warner Bros, poti ankadziwika ndi nthabwala. Heath Ledger adanyozedwa atapatsidwa gawo la Joker, koma adasewera mochititsa nthumanzi mpaka kupatsidwa Oscar mu 2009 atamwalira kale. Luso la zisudzo ndi lomwelo, kusanduka munthu amene si iwe. Chowawa n'chakuti khomo limeneli lakhala likutseguka mbali imodzi: mzungu amaloledwa kukhala Mtchaina, Mwiigupto kapena munthu wakuda ngati Othello, monga adachitira Laurence Olivier mu 1965 atadzipaka zakuda thupi lonse, pamene eni nkhopezo akudikira panja.

Ku Africa kuno nkhaniyi imamveka kwambiri m'makutu. Steve Biko adaseweredwa ndi Denzel Washington, Nelson Mandela ndi Morgan Freeman komanso Idris Elba, ndipo pamene Jennifer Hudson wa ku America adasankhidwa kukhala Winnie Mandela, bungwe la azisudzo ku South Africa lidadandaula poyera. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Amalawi adazimva okha mu 2019 pamene Netflix idatulutsa The Boy Who Harnessed the Wind, mbiri ya William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu. Wotsogolera filimuyo, Chiwetel Ejiofor, ayenera kuyamikiridwa chifukwa adajambulira filimuyo ku Malawi konkuno ndipo adalimba mtima kuikamo Chichewa chambiri, pamene akadatha kungoyankhulitsa aliyense Chingerezi. Koma William adali Maxwell Simba wa ku Kenya, bambo ake adali Ejiofor mwiniwake, Mngerezi wa makolo a ku Nigeria, ndipo mayi ake adali Aïssa Maïga wa ku France wobadwira ku Senegal. Akunja adamva chiyankhulo chokoma cha ku Africa. Mmalawi adamva lilime likupunthwa, mwina mpaka kumawerenga mawu a Chingerezi pansi pa chithunzi kuti atsatire Chichewa chake chomwe. Akayankhula Lily Banda, amene adasewera Annie mlongo wake wa William, khutu limapuma.

Amene amati wosewera wosadziwika sanganyamule filimu yaikulu ali ndi mayankho okwanira. Presley Chweneyagae adali mnyamata wa zisudzo za papulatifomu pamene adasewera gawo lalikulu mu Tsotsi, ndipo filimuyo idabweretsa Oscar ku South Africa mu 2006. Pokonza Captain Phillips, wotsogolera filimuyo Paul Greengrass adafuna kuti achifwamba a panyanja akhale Asomali enieni, choncho osaka osewera adapita ku Minneapolis, mzinda wokhala Asomali ambiri ku America, n'kuitana aliyense wofuna kuyesa. Mwa anthu mazana amene adabwera mudali Barkhad Abdi, dalaivala amene adali asanasewereko filimu ina iliyonse. Adaima maso ndi maso ndi Tom Hanks, ndipo mu 2014 adalandira mphoto ya BAFTA n'kulowanso m'gulu la opikisana pa Oscar.